Setilaiti ikakuwa, matelesikopu amathamanga: mmene amatsatirira kuphulika kwa cheza cha gamma

Pafupifupi tsiku lililonse, penapake kuthambo pamang'anima kuwala kumene diso la munthu silingakuone. Ndi cheza cha gamma, champhamvu kuposa mitundu yonse ya kuwala, choposa ngakhale X-ray imene amaunikira mafupa kuchipatala. Kung'animako sikuchedwa. Nthawi zina sikukwana n'sekondi yomwe, nthawi zina kumatha mphindi imodzi kapena zingapo, kenako zii. Kung'animaku kumachokera ku kuphulika kwakukulu kuthambo, kumene akatswiri a zakuthambo amakutchula mwachidule kuti GRB (gamma-ray burst pa Chingelezi), ndipo dzina la kuphulika kulikonse limachokera pa tsiku limene kwaoneka. Mukamva GRB 080319B, ndiye kuti ndi kuphulika kwachiwiri kwa pa 19 Malichi 2008.

Cheza chimenechi sichifika pansi pano, chifukwa mpweya wozungulira dziko umachimeza chonse. Oyamba kuchiona ndi masetilaiti. Koma zimene setilaiti yowerenga cheza cha gamma ingatiuze n'zochepa: nthawi imene kwang'anima, kutalika kwa kung'animako, mphamvu yake, ndi dera la thambo kumene kwachokera. Ili ngati munthu amene wakuwa usiku kuti moto, n'kuloza chala mumdima. Chapsa n'chiyani, kuli patali bwanji, chayambitsa n'chiyani, zonsezo zimadziwika pokhapokha ena adzuke n'kupita kukaona. Pafupifupi chilichonse chimene tikudziwa lero pa za GRB chinachokera kwa opita kukaonawo, ndipo ntchito yawo imapambana kapena kulephera m'mphindi ndi m'maola oyambirira.

Kwa zaka 30 opita kukaonawo ankabwerera chimanjamanja. Mu 1963 mayiko a America, Britain ndi Soviet Union anasayina pangano loletsa kuyesa mabomba a nyukiliya mumpweya, m'madzi ndi kuthambo, ndipo America inatumiza masetilaiti a Vela kuti azilondera ngati wina akuswa panganolo. Pa 2 Julaye 1967 masetilaitiwo anajambula kung'anima kosafanana ndi kwa bomba lililonse. Ray Klebesadel, Ian Strong ndi Roy Olson a ku Los Alamos anafalitsa nkhaniyi mu 1973, atasonkhanitsa kuphulika 16 ndi kutsimikiza kuti sikunachokere padziko kapena kudzuwa. Kuyambira mu 1991 chipangizo cha BATSE, chimene chinali pa setilaiti ya Compton, chinawerenga kuphulika koposa 2,700, ndipo chinaonetsa zinthu ziwiri. Choyamba, kuphulikaku kumachokera mbali zonse za thambo mofanana, osati motsata mzera wa mlalang'amba wathu. Chachiwiri, kuli mitundu iwiri: kwakufupi kosakwana masekondi awiri, ndi kwakutali kopitirira pamenepo. Komabe mtunda unali wosadziwika. Mu 1995 Bohdan Paczyński ndi Donald Lamb anatsutsana pagulu ku Washington, Paczyński akunena kuti kuphulikaku kuli kutali m'milalang'amba ina, Lamb kuti kuli m'mphepete mwa mlalang'amba wathu womwewu. Panalibe amene akanathetsa mkanganowo, chifukwa BATSE inkaloza dera lalikulu kwambiri, lokhala ndi nyenyezi zosawerengeka, ndipo telesikopu yaikulu imaona kadera kakang'ono nthawi imodzi.

Zinasintha pa 28 Febuluwale 1997. Setilaiti ya BeppoSAX, ya mayiko a Italy ndi Netherlands, inali ndi makamera a X-ray otha kuchepetsa deralo mpaka kukhala laling'ono kuposa nkhope ya mwezi. Anthu a pansi anaitembenuza, ndipo patatha maola asanu ndi atatu inaona kadontho ka X-ray kamene kanali kuzilala. Malowo anatumizidwa kwa gulu la Jan van Paradijs la ku Amsterdam, limene linajambula deralo ndi telesikopu ya William Herschel pachilumba cha La Palma patatha maola pafupifupi 21, n'kujambulanso pa 8 Malichi. Atayerekezera zithunzi ziwirizo, kadontho kena kamene kanalipo pa chithunzi choyamba kanali katazimiririka pa chachiwiri. Kumeneko kunali kuwala kotsalira, kumene kumatsala kuphulika kukadutsa, koyamba kuoneka m'kuwala wamba. Miyezi iwiri ndi masiku ochepa pambuyo pake, pa GRB 970508, telesikopu ya Keck ku Hawaii inamwaza kuwala kotsalira m'mitundu yake n'kupezamo mizera ya magnesium ndi chitsulo itasunthira mbali yofiira. Kusunthako, kotchedwa redshift, kumakula chinthu chikakhala patali, ndipo apa kunali 0.835. Kuwalako kunali kutayenda zaka mabiliyoni angapo. Mkangano wa zaka zambiri unatha ndi usiku umodzi wa telesikopu imene inafika pa nthawi yake.

Kuti timvetse chifukwa chake liwiro ndi lofunika chonchi, tiyenera kuona chimene kuwala kotsalira kuli. Nyenyezi yaikulu kwambiri ikatha mafuta, mtima wake umagwera mkati n'kusanduka black hole, malo amene ngakhale kuwala sikungatulukemo, kapena nyenyezi ziwiri za neutron, zotsalira zothinana kwambiri za nyenyezi zakufa, zimene zakhala zikuzungulirana zimagundana. M'njira zonse ziwiri pamatuluka mitsinje iwiri yopyapyala ya zinthu zothamanga pa liwiro loposa 99.9 peresenti ya liwiro la kuwala. Timaona GRB pokhapokha mtsinje umodzi utalunjika kwa ife. Mtsinjewo ukamawomba mpweya wozungulira umachepa liwiro, ndipo kuwombanako kumatulutsa kuwala kwa mitundu yonse, kuyambira X-ray, kuwala kooneka ndi maso, mpaka mafunde a wailesi. Vuto n'lakuti kumazilala mofulumira. Kawirikawiri nthawi ikachulukitsidwa kakhumi, kuwala kumachepa pafupifupi kakhumi kapena kuposa. Chimene chikuwala pa mphindi yoyamba chimakhala chitachepa kakhumi pa mphindi ya 10, kachepa ka 100 pasanathe maola awiri, ndipo mawa lake nthawi ngati yomweyo chachepa koposa ka 1,000. Telesikopu yaing'ono yofika m'mphindi imodzi ingaone zimene telesikopu yaikulu yofika mawa singazionenso.

Njira yofalitsira chenjezo inabadwa m'vuto. Zojambulira za setilaiti ya Compton zitawonongeka, NASA inayamba kutsitsa uthenga wake pompopompo kudzera m'masetilaiti olandirizana a TDRS. Scott Barthelmy wa ku Goddard anaona mwayi pamenepo: mu 1993 anapanga pulogalamu yomvetsera uthengawo, kuwerengera malo a kuphulika, ndi kuwatumiza pa intaneti m'masekondi ochepa kwa aliyense amene wawafuna. Imeneyi ndi imene lero imatchedwa GCN. Ili ndi mbali ziwiri. Mbali yoyamba ndi machenjezo a makina okhaokha, manambala a malo ndi nthawi opita molunjika ku makompyuta oyendetsa matelesikopu, popanda dzanja la munthu. Mbali yachiwiri ndi timakalata timene anthu amalemba, tatifupi, nthawi zambiri mizera yosakwana khumi: tayang'ana ndi telesikopu yakuti, patatha mphindi zakuti, taona kadontho pamalo akuti kowala motere. Kapena: tayang'ana mpaka kuya kwakuti ndipo sitinaone kanthu. Kakalata kachiwirika n'kofunika mofanana ndi koyamba, chifukwa kamauza wa telesikopu yaikulu ngati kuli koyenera kusokoneza usiku wake, ndiponso ndi chipangizo chiti.

Ine ndimaona kuti mwambo umenewu ndi umene wanyamula sayansi yonseyi. M'nthambi zambiri za kafukufuku munthu amasunga zimene wapeza mpaka atazisindikiza. Pano munthu amapeza malo enieni a kuwala kotsalira pakati pa usiku, n'kuwapereka nthawi yomweyo kwa opikisana naye, podziwa kuti kwake kucha posachedwa ndipo wotsatira ayenera kukhala amene kwawo kukuda.

Phindu la machenjezo a makina linaoneka pa 23 Januwale 1999. ROTSE, kachipangizo ka ku Los Alamos kopangidwa ndi magalasi anayi a kamera ojambulira zakutali, kanatembenuka kokha n'kuyamba kujambula patangotha masekondi 22 GRB 990123 itayamba, cheza cha gamma chidakali kutuluka. Kanaona kuwala kumene munthu akanakuona ndi mabainokula abwino, kochokera pa redshift ya 1.6.

Setilaiti ya Swift, imene inanyamuka pa 20 Novembala 2004 ndipo kuyambira mu 2018 imatchedwa ndi dzina la mtsogoleri wake woyamba Neil Gehrels, inamangidwa pofuna kuchotsa maola asanu ndi atatu aja a BeppoSAX. Cheza cha gamma sichingasonkhanitsidwe ndi galasi monga kuwala wamba, chimangopyoza. Choncho chipangizo chake choyamba, BAT, chimagwiritsa ntchito mthunzi. Pamwamba pake pali denga la tizidutswa ta mtovu toposa 50,000 toyalidwa mosatsata mzera, ndipo pansi pake pali tozindikira cheza 32,768. Kuphulika kukachitika, denga lija limaponya mthunzi pa tozindikira tija, ndipo kompyuta imawerengera kumene kuwala kwachokera poona mmene mthunzi wasunthira. M'masekondi pafupifupi 20 malo amakhala atatsika pansi, m'kadera kochepa kwambiri poyerekeza ndi mwezi. Kenako setilaiti yonse imatembenuka yokha, osadikira lamulo la munthu, bola malowo asakhale pafupi ndi dzuwa, mwezi kapena dziko. Pakatha mphindi imodzi kapena ziwiri telesikopu yake ya X-ray imakhala ikuyang'ana, n'kuchepetsa malowo mpaka kadontho kamene telesikopu iliyonse ya pansi ingalunjikepo mosakayika. Swift yakhala ikupeza kuphulika pafupifupi 100 pa chaka.

Pansi pano oyamba kuyankha ndi matelesikopu a roboti, ang'onoang'ono ndi opepuka, omwazikana m'makontinenti kuti penapake pazikhala mdima nthawi zonse. Pali TAROT ya ku France, BOOTES ya ku Spain, MASTER ya ku Russia, REM ya ku Italy imene ili ku La Silla m'dziko la Chile, ndi ena. MASTER ili ndi nthambi ku Sutherland ndipo BOOTES ili ndi ina ku Boyden, konseko ku South Africa. Chenjezo likafika, telesikopu yotere imasiya chimene inali kujambula, imatembenuka, imayamba kuwombera zithunzi zazifupi zotsatizana, ndipo pulogalamu imayerekezera zithunzizo ndi mapu akale a nyenyezi pofuna kadontho kachilendo.

Nthawi zina mwayi umathandiza. Pa 19 Malichi 2008 kunachitika kuphulika kuwiri motalikirana ndi theka la ola, m'dera limodzi la thambo. Makamera a TORTORA ndi Pi of the Sky ku Chile anali akuyang'ana kale chakumeneko pamene GRB 080319B inayamba, choncho anaijambula kuchokera pa sekondi yoyamba. Kwa masekondi pafupifupi 30 inawala mokwanira kuoneka ndi maso okha kwa munthu woima pamalo amdima. Kuwalako kunali kutayenda zaka mabiliyoni 7.5, ndiye kuti kunanyamuka dziko lathu ndi dzuwa zisanakhalepo.

Koma kadontho pa chithunzi sikanena mtunda. Pamafunika telesikopu yaikulu, ya galasi la mamita asanu ndi atatu kapena khumi, monga VLT ku Chile, Gemini, Keck kapena GTC ya ku La Palma, kuti imwaze kuwalako n'kuwerenga mizera yake. Apa ndi pamene pamavuta. Usiku uliwonse wa matelesikopu amenewa unagawidwa kale miyezi ingapo m'mbuyomo, ndipo amene akuugwiritsa ntchito anaupeza movutikira. Gulu lotsata GRB limapempheratu chilolezo chodukiza ntchito ya ena kangapo pa nyengo, ndiye munthu amene ali pa ntchito usikuwo ayenera kusankha msanga ngati kuphulika uku n'koyenera kuonongerapo mwayi umodzi. VLT ili ndi njira imene chenjezo la makina limaimitsa ntchito n'kutembenuza telesikopu m'mphindi zochepa. Ngakhale zili choncho, mwa kuphulika konse kumene Swift yapeza, ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu kumene mtunda wake unayezedwa. Kwina kunachitika masana kapena pafupi ndi dzuwa, kwina kunagwa usiku wa mitambo, kwina kunabisika ndi fumbi la mlalang'amba wake, ndipo kwina kunangosowa woti akutsate.

Kuphulika kooneka ngati kopanda kanthu nthawi zina ndi kumene kuli kwa mtengo wapatali. GRB 090423 inatenga masekondi pafupifupi 10. Telesikopu ya X-ray ya Swift inaona kuwala kotsalira, koma ya kuwala wamba sinaone chilichonse. Patatha mphindi pafupifupi 20, UKIRT ya ku Hawaii inapeza kadontho m'kuwala kwa infrared, kopyola kufiira kumene maso sangakuone. Kusiyana kumeneku, kuoneka mu infrared koma osaoneka m'kuwala wamba, ndi chizindikiro chimene akatswiri amachidikira, chifukwa mpweya wa hydrogen wa m'chilengedwe chakale umameza kuwala konse kwa mbali ya buluu, ndipo chinthu chikakhala patali kwambiri malire a kumezako amasunthira mpaka kupyola kufiira. Magulu a Nial Tanvir ndi Ruben Salvaterra, lina ndi VLT lina ndi telesikopu ya Galileo ku La Palma, anayeza redshift ya pafupifupi 8.2. Nyenyezi imeneyo inafa chilengedwe chili ndi zaka pafupifupi mamiliyoni 630 zokha. Pakanapanda kamera ya infrared yoyang'ana usiku umenewo, ikanangolembedwa m'kaundula ngati kuphulika kwina kosaoneka.

Kutsata kwa milungu ndi miyezi ndi kumene kunaulula gwero. Kuwala kotsalira kwa GRB 030329 kutazilala, pamalo omwewo panatulukira supernova, kuphulika kwa nyenyezi imene ikufa, yotchedwa SN 2003dh, yofanana ndi SN 1998bw imene inaoneka pamalo a GRB 980425. Umenewu unali umboni wakuti kuphulika kotenga nthawi yaitali ndi imfa ya nyenyezi zikuluzikulu. Kwakufupi kunavuta kwambiri, chifukwa kuwala kwake kotsalira n'kofooka, ndipo koyamba kunapezeka mu 2005.

Setilaiti ya Fermi, ya mu 2008, inabweretsa vuto lakale lija m'njira ina. Chipangizo chake cha GBM chimaona thambo lonse limene dziko silinaphimbe, ndipo chimapeza kuphulika koposa 200 pa chaka, koma malo amene chimapereka ndi aakulu, okwana nkhope za mwezi mazana kapena masauzande zitayalidwa pamodzi. Apa pamafunika makamera a diso lalikulu monga ZTF ya ku Palomar kapena GOTO, osesa deralo chigawo ndi chigawo. Akatero amapeza timadontho tachilendo tambirimbiri, ma asteroid (miyala yoyenda kuthambo), nyenyezi zosinthasintha, supernova wamba, ndipo ntchito imakhala yopeta kuti patsale kamodzi kamene kakuzilala msanga.

Pa 17 Ogasiti 2017 zonsezi zinayesedwa pamodzi. Nthawi ili 12:41 pa wotchi ya UTC, makina a LIGO ku America anamva mafunde a mphamvu yokoka ochokera ku nyenyezi ziwiri za neutron zogundana. Patatha masekondi 1.7 Fermi ndi setilaiti ya INTEGRAL zinaona GRB yaifupi, yofooka, imene tsiku lina lililonse ikanadutsa osatsatidwa. Chenjezo la Fermi linatuluka m'masekondi ochepa, koma mapu abwino anachedwa pafupifupi maola asanu, chifukwa makina a LIGO a ku Livingston anali ndi phokoso limene anayenera kuyamba alichotsa. Atawonjezapo zochokera ku Virgo ya ku Italy, dera linatsika kufika pa malo okwana nkhope za mwezi pafupifupi 150 zitayalidwa pamodzi. Linali kumwera, pafupi ndi dzuwa, looneka kwa kanthawi kochepa dzuwa likangolowa. Anthu anadikira kuti ku Chile kude. Gulu la telesikopu ya Swope ku Las Campanas, ya galasi la mita imodzi yokha, silinasese dera lonse. Popeza LIGO inaperekanso mtunda, iwo analemba mndandanda wa milalang'amba ya pa mtunda umenewo n'kuyamba kuijambula umodzi ndi umodzi. Pa chithunzi chachisanu ndi chinayi, patatha maola pafupifupi 11 chigundanireni nyenyezizo, Charles Kilpatrick anaona kadontho katsopano pambali pa NGC 4993, mlalang'amba umene kuwala kwake kumayenda zaka pafupifupi mamiliyoni 130 kuti kutifike. Pasanathe ola, magulu ena asanu anali atakaona pawokha.

Malo ounikira zakuthambo pafupifupi 70 anatsata kadonthoko. Kanayamba ka buluu n'kufiira m'masiku ochepa, monga ziyenera kukhalira ngati mkati mwake mukupangidwa zitsulo zolemera, ndipo pambuyo pake mu kuwala kwake munapezeka chizindikiro cha strontium. Setilaiti ya Chandra inaona X-ray patatha masiku asanu ndi anayi, telesikopu ya VLA inamva mafunde a wailesi patatha masiku 16. Kuchedwa kumeneku kunali ndi tanthauzo: mtsinje uja sunalunjike kwa ife, tinauonera chammbali, n'chifukwa chake GRB yake inali yofooka ngakhale inali pafupi.

Sikuti nthawi zonse njirayi imayenda mosalala. GRB 221009A ya pa 9 Okutobala 2022 ndi yowala kuposa zonse zimene zinajambulidwa, moti inadzaza zipangizo zambiri mpaka kulephera kuwerenga, ndipo inagwedeza mpweya wa pamwamba pa dziko. Komabe chenjezo la Fermi silinafike msanga monga mwa masiku onse chifukwa cha vuto la kulumikizana, ndipo Swift inadzidzimuka patatha pafupifupi ola, itaona kuwala kotsalira kokha. Kunali kowala kwambiri, ndiponso pa mzera wa mlalang'amba wathu, moti poyamba kunatengedwa ngati chinthu cha m'mlalang'amba wathu womwewu. Ndi timakalata ta GCN ndi muyezo wa VLT, redshift ya 0.151, zimene zinawongola nkhaniyo pasanathe tsiku. Mwamwayi LHAASO ya ku Sichuan m'dziko la China, imene imaona thambo lalikulu nthawi zonse, inali itajambula kale cheza cha gamma champhamvu yoposa 10 TeV (muyezo wa mphamvu yaikulu kwambiri). Zipangizo zina za mtundu umenewu zimachita kutembenuka: MAGIC ya ku La Palma inafika pa GRB 190114C pasanathe mphindi imodzi, ndipo H.E.S.S. ya ku Namibia inaona GRB 190829A kwa usiku wotsatizana.

Kutsata mosatopa kwasokonezanso magulu awiri aja amene tinkawaona ngati okhazikika. GRB 211211A ndi GRB 230307A zinali zazitali, koma m'malo mwa supernova pamalo pake panaoneka kuwala kwa mtundu wa kugundana kwa nyenyezi za neutron, ndipo pa yachiwiriyo telesikopu ya James Webb inapeza chizindikiro cha tellurium, chimodzi mwa zinthu zolemera zopangidwa pa kugundana kotere. Kutalika kwa kung'anima pakokha sikungatiuzenso motsimikiza chimene chaphulika. Ichi n'chifukwa china chimene ndimadandaulira ndi kuphulika kochuluka kumene kumadutsa popanda woyang'ana. Timasankha zotsata potengera zimene tikudziwa kale, ndiye zachilendo zimatha kutsalira m'gulu la zosiyidwa.

Swift ndi Fermi zakalamba, ndipo masetilaiti atsopano amangidwa ndi anthu a pansi m'maganizo. Einstein Probe ya ku China inanyamuka pa 9 Januwale 2024 ndipo imasaka kung'anima kwa X-ray. SVOM, ya China ndi France, inanyamuka pa 22 Juni chaka chomwecho. Iyo imayang'ana mbali yofulatira dzuwa mwadala, kuti kuphulika kumene yapeza kukhale kuthambo la usiku kumene matelesikopu akuluakulu angakufikire nthawi yomweyo. Machenjezo ake amatsikira pa timilongoti ta wailesi tomwazikana m'madera a pakati pa dziko, ndipo ili ndi matelesikopu akeake a roboti, kuphatikizapo Colibri ku Mexico. Pa 14 Malichi 2025 inapeza GRB 250314A. Swift inapereka malo enieni ndi X-ray, Nordic Optical Telescope ya ku La Palma inapeza kuwala kwa infrared, ndipo VLT inayeza redshift ya pafupifupi 7.3 patatha maola 17 kuchokera pa chenjezo. Malo ndi mtunda zitadziwika, gulu lina linawerengera nthawi imene supernova yake iyenera kufika pachimake, poganizira kuti kufutukuka kwa chilengedwe kumatalikitsa zochitika zakutali chonchi koposa kasanu ndi katatu. James Webb inayang'ana patatha miyezi itatu ndi theka, n'kuipeza.